Makompyuta 16 a pa sukulu ina ku Area 25, ndi mmene tinazembera mtengo wa RAM

Ndalemba lipoti ili makamaka chifukwa cha anzanga okonza makompyuta kuno ku Lilongwe, poti ambiri tikukumana ndi zofanana masiku ano, kasitomala akufuna muwonjezere RAM, memory ija imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, mukamuuza mtengo akuganiza kuti mukumubera, pomwe inuyo phindu lanu pa RAM imodziyo silikukwanira ndi ya minibasi yomwe. Ntchito imeneyi ndinaigwira mu Januwale 2026 pa kasukulu kena kophunzitsa kompyuta ku Area 25. Mwini wake ndi mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ophunzira ake ambiri ndi ana amene alemba MSCE akudikira zotsatira, ena ndi anthu apantchito obwera madzulo kudzaphunzira Word, Excel ndi PowerPoint.

Dandaulo lawo linali lakuti makina akuchedwa kwambiri, mwana akatsegula Chrome kwinaku Excel ili yotsegula basi zonse zaima, mphunzitsi amayamba wadikira kaye. Imodzi imangotulutsa blue screen, sikirini yabuluu ija yosonyeza kuti Windows yagwa, pakati pa kalasi, ina yasiya kuyaka. Mu Epulo 2025 ndinali nditawapatsa kale koteshoni yoti makina onse afike 8GB ya RAM komanso tiike ma SSD, madisiki othamanga aja opanda chozungulira mkati, iwo anati tidikire kaye fizi ilowe, ndiye mwezi unatha, wina unatha, mpaka chaka chinatembenuka. Nditafunsanso mitengo kwa amene ndimaoda mu Old Town ndi mnzanga wina amene amabweretsa katundu kuchokera ku Dubai, ndalama imene mu Epulo ikanagula ma RAM atatu a 4GB a mtundu wa DDR4 inali yongokwanira imodzi, chenji chake chosagula kanthu. Ma SSD nawo anali atakwera ngakhale osati mofanana ndi RAM. Bajeti ya mayiwo ndiye inali yomwe ija ya Epulo, sanawonjezere olo pang'ono.

Ndisanakambe za kugula chilichonse ndinawapempha kuti nditsegule makina onse, ngakhale akufa amene anali mu sitolo, tione zimene zilimo. Onse ndi a kaunjika, ochokera m'maofesi a kunja, ndipo anagulidwa nthawi zosiyanasiyana ndiye ndi osakanikirana. Panali ma Dell OptiPlex 3020 asanu ndi imodzi a purosesa ya Core i5 ya 4th gen, amenewa amadya DDR3, mtundu wakale wa RAM, iliyonse inali ndi 4GB imodzi siloti inayo ili pululu. Ma OptiPlex 3040 anayi a 6th gen, amenewa ndi amene amapusitsa anthu chifukwa munthu ukamva 6th gen umathamangira DDR4, koma 3040 imafuna DDR3L, ija ya 1.35V. Kenako ma HP ProDesk 400 G4 anayi a i5-7500 okhala ndi DDR4 ya 4GB iliyonse, ndi ma OptiPlex 3060 awiri a 8th gen, DDR4 nawonso. Onse 16 anali pa hard disk yozungulira ija ya 500GB. Mu sitolo munali makina asanu akufa, ma OptiPlex 3010 ndi 7010, fumbi lokhalokha, mayiwo ankati akufuna kuwapereka kwa anyamata ogula zitsulo.

Ija yosayaka sinavute. Ukadina batani fani imazungulira, nyali yakutsogolo nkumaphethira mwachikasu, sikirini ili bii. Nditazula RAM ndinapeza timano take tagolide tija tachita dzimbiri lakuda chakumapeto, ndipo mu siloti munali fumbi lofiira logwirana, lija la mu Okutobala limene limalowa paliponse ku Area 25. Ndinapukuta timanoto ndi labala ya pensulo mofatsa, kuuzira siloti ndi bulowa, kubwezeretsa mpaka timapini tonse tiwiri titalira kuti tha, basi yayaka. Ya blue screen ija aliyense pasukulupo ankati ndi RAM, koma pa pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 inadutsa bwinobwino popanda cholakwika, pulogalamu yoyesera disiki ya CrystalDiskInfo ndi imene inaonetsa chenjezo lachikasu pa hard disk, ma sector oola ambirimbiri. Ndikunena zimenezi chifukwa pano poti nkhani ya RAM ili mkamwamkamwa, vuto lililonse anthu akuliponyera ku RAM ndipo ena akugula yodulayo pomwe chodwala ndi disiki.

Mayiwo anandifunsa funso limene aliyense akufunsa. Anati, "Koma achimwene, zinthu zakale sizimatsika mtengo kodi? Foni yakale imatchipa, galimoto yakale imatchipa, nanga izi zatani?"

Yankho lake lili kutali ndi kuno. Pafupifupi RAM yonse ya pa dziko lapansi imachokera ku makampani atatu okha, Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea ndi Micron ya ku America. Mayina ena onse amene mumaona pa ma RAM m'mashopu, ambiri amangogula machipu kwa atatuwa nkumata pa bodi yawo. Ndiye kwabwera nkhani ya AI, makampani akuluakulu akumanga ma data centre odzaza ndi makadi a Nvidia, ndipo makadi amenewo amafuna memory ya mtundu wina yotchedwa HBM, imene ndi machipu osanjikizana mmwamba. HBM imalipira bwino kwambiri, koma kuti upange gigabyte imodzi ya HBM umadya wafer, chimbale cha silikoni chimene amadulamo machipu, pafupifupi katatu kuyerekeza ndi DDR5 wamba. Ndinawafotokozera mayiwo kuti zili ngati mlimi wa ku Mitundu amene ali ndi munda umodzi womwewo, akamva kuti soya wakwera amachepetsa mizere ya mtedza, mtedza nkuyamba kusowa pamsika ngakhale palibe amene waubisa. Fakitale siikula lero ndi lero, ndiye chimene chinachotsedwa m'munda ndi DDR4, imene inayamba kugulitsidwa cha mu 2014 ndipo phindu lake linali litachepa kale. Mu 2025 makampani atatu onsewa anadziwitsa makasitomala awo kuti DDR4 ikupita kumapeto, anthu anayamba kugula mosunga, ndipo pofika pakati pa chakacho zinachitika zodabwitsa, chipu cha DDR4 chinadula kuposa cha DDR5 chimene ndi chatsopano. Kumapeto kwa chaka DDR5 nayo inanyamuka. Mu Okutobala 2025 OpenAI, kampani ya ChatGPT, inagwirizana ndi Samsung ndi SK Hynix zoti azidzaipatsa memory yochuluka zedi, kenako mu Disembala Micron inalengeza kuti ikutseka Crucial, dzina lija timalidziwa tonse pa ma RAM ndi ma SSD a anthu wamba, kuti ilimbikire makasitomala akuluakulu. Ife a Malangalanga ndi Devil Street tili kumchira kwenikweni kwa mzere umenewo.

Pamwamba pa zimenezo pali zathu za kuno. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale mu Januwale 2026 ku banki dola inkalembedwa cha pa K1,750, wamalonda wamng'ono amene akukaoda ma RAM makumi awiri sayipeza pa mtengo umenewo, amaigula kwina pa mtengo wokwera kwambiri ndipo ndi umene amawerengera pokugulitsani. Kuwonjezera ndege, msonkho, lendi ya shopu. Ndiye kukwera kwa kunja kukafika kuno kumakhala kwachulukitsidwa kale. Ogulitsa ena pano sakulembanso mtengo pa katundu, umachita kufunsa tsiku lomwelo, ena akumakana nkugulitsa komwe akuti bola asunge mawa ikwera.

Koma pali kabowo kamodzi kamene kanatipulumutsa pa ntchitoyi. DDR3, imene ndi ya 2007, pamsika wathu pafupifupi yonse ndi yozulidwa m'makina akufa, sidalira fakitale, ndipo makina a DDR3 afa ambirimbiri m'maofesi ndi m'mashopu okonzera. Yakwera nayo pang'ono chifukwa ogulitsa amva nkhani, koma poyerekeza ndi DDR4 ndi yotchipa kwambiri. Ndiye zinthu zinatembenuka, makina khumi akalekale aja ndi amene anali osavuta kuwadzutsa, ma HP amene mayiwo ankanyadira nawo ndi amene anakhala mutu waukulu.

M'makina akufa aja ndinazulamo ma RAM asanu ndi awiri, asanu a 4GB ndi awiri a 2GB. Iliyonse ndinaiyesa payokha pa MemTest86, imodzi ya 4GB inatulutsa mizere yofiira nthawi yomweyo, inapita pambali. Apa ndipamene kuwerenga stika kumathandiza, ndipo ndikudabwa kuti anyamata ambiri amene akuphunzira ntchitoyi sawerenga, amangoona 4GB basi. Pa stika pamalembedwa PC3-12800U kapena PC3L-12800U. Ka L kameneko ndiye 1.35V. Ya PC3L imagwira mu makina a DDR3 wamba popanda vuto chifukwa imalola mavoteji onse awiri, koma ya PC3 yopanda L, ija ya 1.5V, mukaiika mu 3040 imalowa bwinobwino mu siloti poti kabowo kake kali malo amodzi, koma makina akhoza kukana kuyaka. U wakumapetoyo ndi ya desktop, S ndi ya laputopu, ndipo mukaona R thawani, imeneyo ndi ya seva, imagulitsidwa motchipa mokopa ndipo pa desktop wamba siyaka ngakhale mupemphere bwanji.

Pa zinayi zabwino za mu sitolo, imodzi inali PC3L. Nditayang'ananso ma 3020 ndinapeza kuti awiri mwa iwo anali ndi PC3L mkati, imene kwa iwo ndi kungowononga chifukwa amadya ya wamba yomwe. Ndinazula ziwirizo kupititsa ku ma 3040 pamodzi ndi ija ya mu sitolo, ndiye ma 3040 atatu anafika 8GB osagula kanthu, inatsala imodzi yokha yoti tigulire PC3L. Ma 3020 anatenga zitatu zotsala za mu sitolo, nkugulira zisanu za PC3 wamba, zimene ndi zotchipa kuposa zonse ndipo mnzanga wina wa ku Biwi anali nazo mu katoni. Zonse pamodzi tinagula ma DDR3 asanu ndi imodzi, makina khumi nkukhala pa 8GB, ma RAM awiriawiri ogwira ntchito limodzi mu dual channel. Mitundu ndi yosakanikirana, kwina Samsung ndi Hynix, kwina Micron ndi Kingston, ena amaopa zimenezi koma bola voteji ndi mtundu zigwirizane, liwiro likasiyana bodi imangotsatira yochedwayo, ndipo pa Excel palibe mwana angazindikire kusiyana kwa 1333 ndi 1600.

Ku DDR4 ndiye kunali nkhani. Choyamba, ma 3060 onse awiri pa lisiti yogulira analembedwa 8GB, koma imodzi pulogalamu ya CPU-Z, yoonetsa zimene zili m'makina, inaonetsa 4GB, nditatsegula siloti yachiwiri inali yopanda kanthu, timapini take tili totsegula, ndipo fumbi la mu silotimo linali lochepa poyerekeza ndi pena ponse, kusonyeza kuti yachoka posachedwa. Sindinaloze munthu chala ndipo mayiwo ndinawauza kuti asaloze, pamalo polowa anthu ambiri chonchija simungadziwe. Koma dziwani kuti kanthu kolowa m'thumba la shati kamene pano kali ndi mtengo wotere kayamba kuyenda, ma Dell amenewa amatseguka ndi dzanja popanda sikuludiraiva. Kumbuyo kwake kuli kamphete kokolekapo loko, anthu ambiri sadziwa ntchito yake. Tinagula timaloko tating'ono 16 mu msika, ndipo ndinalemba pepala la makina onse, siriyo nambala ya RAM iliyonse ndi siloti imene ili, kope imodzi kwa mayiwo ina kwa ine.

Kuti makina onse asanu ndi imodzi a DDR4 afike 8GB pankafunika ma RAM asanu, ndipo mtengo wake ukanameza pafupifupi ndalama yonse ya ma SSD. Mnyamata wina pa gulu la WhatsApp la zogulitsa anali ndi ma 8GB a DDR4 pa mtengo wokoma kwambiri, ndinamuuza abwere nazo ku shopu tiyese ndisanatumize kalikonse pa Airtel Money. Stika yake inali yowala bwino, yolembedwa 2666, koma machipu ake zilembo zinali zofufutika ngati apalidwa, pa CPU-Z dzina la kampani palibe, siriyo nambala ndi maziro okhaokha, ndipo MemTest86 isanafike ndi pakati pomwe inayamba kufiira. Mwina naye anagulitsidwa osadziwa, kaya. Anabwerera nazo. RAM yotere ndi yoopsa kuposa yakufa chifukwa makina amayaka, Windows imatseguka, kasitomala amalipira nkumapita, kenako pakatha sabata mafayilo ayamba kuwonongeka ndipo amene amatukwanidwa ndi inu.

Ndiye ndinawauza mayiwo maganizo anga, kuti tigule DDR4 imodzi yokha ya 4GB yobwezeretsa mu 3060 ija, ma HP anayi akhale pa 4GB pomwepo koma alandire ma SSD. Sanasangalale nazo.

"Ma HP amenewo ndi amene ndinagula modula kuposa onse, mukuti akhale otsalira?"

"Eya mayi, chifukwa ndalama imene mungathire mmenemo simudzaibweza. Purosesa yake Windows 11 siyiyilola."

Apa ndi pamene nkhani ya RAM ikukumana ndi ina. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna TPM 2.0, kachipu ka chitetezo, ndi purosesa ya Intel kuyambira 8th gen kupita mtsogolo. i5-7500 yatsala ndi sitepe imodzi yokha koma ili kunja, chimodzimodzi ndi ma 3020 ndi ma 3040. Pa makina 16, awiri okha ndi amene ali ndi tsogolo ku Windows. Ndikudziwa kuti tonse timadziwa njira ya pulogalamu ya Rufus yodumphira zimenezi, ndipo imagwira, koma ine sindiika pa makina a kasitomala popanda kumuuza kuti tsiku lina update ikhoza kukana, komanso Windows 11 pa 4GB ndi chilango, ikangoyaka yokha yadya kale yoposa theka. Ndiye ngati makina onse 14 ali m'gulu limodzi la ongodikira tsiku, nzeru ndi kuthira ndalama yochepa kwambiri imene ingawayendetse zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa DDR3 ndalamayo ndi yochepa, pa DDR4 ndi yambiri. Kuika RAM yodula mu HP ya 7th gen lero ndi kugula chinthu pa mtengo wapamwamba kuti chikatumikire makina amene akutuluka kale. Ena anganene kuti DDR4 yo mudzaisamutsira ku makina a 8th gen mukadzagula, ndi zoona, koma makina a kaunjika amabwera ndi RAM yawo, ndipo mayiwa vuto lawo linali la temu ino.

Ndalama yotsala inakwanira ma SSD khumi a 128GB a SATA. Anayi anapita ku ma HP, chifukwa makina a RAM yochepa amadalira disiki kwambiri, RAM ikadzadza Windows imayamba kutaya zina ku pagefile, malo a pa disiki ogwirizira RAM, ndipo pa hard disk yozungulira mpamene mumaona kuima kuja. Awiri ku ma 3060 amene ndinawaika Windows 11, imodzi ya ku ofesi yosungira za fizi ndi maimelo, inayo ya mphunzitsi. Anayi otsala anapita ku makina amene madisiki awo CrystalDiskInfo inkawakayikira, kuphatikizapo ya blue screen ija. Asanu ndi imodzi atsala pa hard disk. 128GB ndi yochepa inde, koma pa sukulu pamene ana amasunga ntchito zawo pa flash ndi yokwana, ndipo kusiyana kwa mtengo ndi 256GB pano sikocheza.

Zina zinali zaulere. Ndinachotsa ma antivirus awiriawiri amene anali kulimbana okhaokha m'makina ena nkusiya Defender yobwera ndi Windows, kuzimitsa mapulogalamu oyamba okha makina akamayaka, kuyatsa Memory Saver mu Chrome, ndi kupanga akaunti ya ophunzira yopanda mphamvu za admin kuti asamangoika magemu ndi zina zotola pa intaneti, chimene pa Windows 10 yopanda ma update ndi chofunika kuposa kale. Pa HP imodzi ndinaika Linux Mint 22 ya Xfce m'malo mwa Windows, yongoyesera, imeneyi ili ndi ma update mpaka 2029 ndipo pa 4GB imathamanga bwino kwambiri. Mayiwo analola imodzi yokha, ndipo chifukwa chawo ndi chomveka, anati mwana akapita ku intavyu amamufunsa Excel osati LibreOffice yobwera ndi Linux Mint, ndipo makolo amalipira kuti mwana aone zimene akaone ku ofesi. Pano ikugwira ntchito yophunzitsira kutayipa ndi kufufuza pa intaneti.

Nditapitako kukaona temu itayamba, zotsatira zinali motere. Ma 3020 ndi ma 3040 a 8GB ndi SSD ndi amene ana akulimbirana, makina a zaka khumi ndi kuposa. A 8GB koma pa hard disk amachedwa kuyaka, mphunzitsi amangowayatsa m'mawa kalasi isanayambe, akayaka amayenda bwino. Ma HP amayaka msanga kuposa onse, Word ndi Excel zili bwino, koma ukapitirira matabu asanu kapena asanu ndi imodzi mu Chrome umayamba kumva kulemera, ndiye anawaika kutsogolo kwa oyamba kumene amene akuphunzira kugwira mouse. Blue screen sinabwerenso.

Anandifunsanso kuti mitengo itsika liti kuti adzamalize ma HP aja. Mafakitale atsopano akumangidwa, Micron ku Idaho, SK Hynix ku Yongin, koma amenewa akuyembekezeka kuyamba kutulutsa cha mu 2027, ndipo sakumangidwira DDR4. DDR4 yotchipa imene ife tidzaione idzachokera komwe DDR3 ikuchokera lero, m'makina amene maofesi a kunja adzataye, ndiye ndinawalangiza kuti ndalama ikapezeka asagule RAM payokha, agule makina athunthu a 8th gen kapena kuposa, amodziamodzi, ndipo atsegule pomwepo pa shopu aone ngati RAM yolembedwayo ilimodi, chifukwa ogulitsa ena ayamba kuzula imodzi nkugulitsa padera.

Makina asanu a mu sitolo aja sanapite kwa ogula zitsulo. Nditayesa mabodi ake ndi power supply yanga, ma 7010 awiri anayaka, chakufa ndi power supply basi, mwina chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi poti pasukulupo panalibe ndi surge protector yomwe, pano tagula. Ma 7010 ali ndi masiloti anayi, ndiye ma 2GB awiri aja amene ndinkaona ngati opanda ntchito alowa mmenemo, kuwonjezera ma PC3 ena otchipa ndi ma hard disk abwino amene tinachotsa m'ma HP. Ndikusaka ma power supply awiri a SFF, bokosi laling'ono lija, a mtundu umenewo, amene ali nawo ku Lilongwe kuno andiuze, akapezeka sukulu ikhala ndi makina 18 temu ikubwerayi.